Mwataya Zingati?

Linali Lachinayi madzulo, anzanga onse ataweruka kale, pamene mizere iwiri inatuluka pa kompyuta yanga. Umodzi unali wofiira, wina wabuluu. Inayendera limodzi kwa kanthawi, kenako wofiirawo unatukuka n'kupanga kaphiri kooneka bwino, wabuluu n'kutsalira m'munsi. Ndinatsamira pampando mtima ukugunda. Kwa miyezi inayi ndinali ndikuveka anthu zisoti za mawaya, kuwapaka phala lonata m'tsitsi, kuwapepesa, kuchapa zisotizo madzulo alionse, ndipo tsopano thukuta lonselo linaoneka ngati labala.

Ndinali pa maphunziro a digiri yachiwiri kunja, ndipo kantchitoka kanali ka kusukulu. Ndinkafuna kuona mmene ubongo wa munthu wochezera usiku umayankhira ukamva kulira kwachilendo, poyerekeza ndi wa munthu amene wagona tulo tokwanira. Ophunzira anzanga ndiwo anadzipereka. Aliyense ankakhala m'kachipinda kotseka, chisoti kumutu, mahedifoni m'makutu, n'kumamvetsera kulira kobwerezabwereza, pii, pii, pii, mpaka maulendo 300. Pa maulendo amenewa, 60 ankakhala a kulira kokwera mawu, kobwera mosayembekezereka, ndipo akamva kumeneko ankayenera kudina batani. Zomwe ndinawerenga zinkanena kuti kusagona kumafooketsa yankho la ubongo. Mzere wanga wofiira, wa ochezera usiku, unkanena zotsutsana nazo, ndipo kutsutsanako ndi kumene kunandikometsera mtima. Ndinaganiza kuti mwina ubongo wotopa umadzikakamiza kwambiri ukamva chachilendo. Usiku womwewo ndinayamba kulemba ndime yofotokoza zimenezi.

Magetsi a mu ubongo wa munthu anayamba kujambulidwa mu 1924 ndi Hans Berger, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Jena, ku Germany, amene anasindikiza zomwe anapeza mu 1929. Njira yake ndi imene lero timati EEG. Magetsiwa ndi ochepa zedi. Timawayeza mu ma microvolt, ndipo microvolt imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a volt, pamene batire ya tochi ili ndi volt imodzi ndi theka. Komanso ubongo sukhala duu kudikira kulira kwako. Muli piringupiringu nthawi zonse, moti yankho lomwe ukulifuna, la ma microvolt 5 kapena 10, limamira m'menemo. Munthu akangophethira kamodzi, timawaya ta pamphumi timatha kuwerenga ma microvolt oposa 100. Akameza malovu zimalowa, akaluma mano zimalowa, ngakhale magetsi a m'khoma, omwe amagwedezeka maulendo 50 pa sekondi kwathu kuno ndi ku Ulaya, amalowanso.

Mankhwala ake ndi kubwereza. Kulira kukangomveka, kompyuta imadinda kanambala pa mzere wa nthawi kusonyeza kuti pano pachitika chakuti. Chidindo chimenechi amachitcha event. Pambuyo pake pulogalamu imadula kachidutswa kuzungulira chidindo chilichonse, ndipo zanga zinkayambira mamilisekondi 200 kulira kusanamveke mpaka 800 kutamveka. Kachidutswa kameneka ndiye epoch. Ukasanjikiza zidutswa zambiri n'kupeza avereji yake, piringupiringu uja amafafanizana yekha popeza alibe nthawi yake yoikika, pamene yankho lenileni, lobwera nthawi yofanana ulendo uliwonse, limatsala poyera. Kaphiri komwe ndinkasaka kanafotokozedwa koyamba mu 1965 ndi Samuel Sutton ndi anzake. Kamatchedwa P300 chifukwa kamatukuka patatha mamilisekondi 300 kapena kuposerapo, ndipo kamaoneka bwino kumbuyo pang'ono kwa liwombo, pamalo amene pa chisoti palembedwa Pz.

Kufafanizanaku kuli ndi masamu ake. Kuti phokoso lichepe ndi theka, zidutswa ziyenera kuchuluka kanayi. Zidutswa 9 zimalichepetsa katatu, 49 kasanu ndi kawiri. Zimenezi ndinkazidziwa, ndinazilembapo pa mayeso n'kukhoza. Lachinayi lija sizinandifike m'mutu.

Ndinkagwiritsa ntchito MNE-Python, imodzi mwa mapulogalamu aulere omwe anthu a ntchitoyi amadalira. Ena amakonda EEGLAB, yomwe Arnaud Delorme ndi Scott Makeig a ku San Diego anaifotokoza mu 2004, ena FieldTrip ya ku Nijmegen. Onsewa ndi mapulogalamu abwino, ndipo pa nkhani yangayi pulogalamu sinalakwe kanthu. Inachita ndendende zomwe ndinaituma. Ndinaituma kusefa katatu.

Koyamba ndinasefa zidindo. Ndinalamula kuti itenge kulira kwachilendo kokhako komwe munthu anakuyankha ndi batani pasanathe sekondi imodzi. Ambiri amatero, ndipo maganizo ake ndi omveka: ngati munthu sanadine, mwina sanamve n'komwe, ndiye ukuyezanji? Kachiwiri ndinasefa zidutswa. Chidutswa chilichonse chomwe mzere wake wadumpha kupyola malire, kuchokera pansi penipeni mpaka pamwamba penipeni, chinkayenera kutayidwa monga choipitsidwa ndi kuphethira kapena kugwedezeka. Tsiku loyamba ndinalemba 100 ndipo palibe chomwe chinatayidwa, chifukwa MNE imawerengera mu ma volt, choncho ofuna ma microvolt 100 amalemba 100e-6. Cholakwika chimenecho chinali chapoyera ndipo ndinachikonza msanga. Chomwe sindinachione ngati cholakwika ndi chimene ndinachita kenako. Ndinayesa malire a 150, mizere sinandisangalatse. Ndinayesa 120, kenako 100, kenako 80. Pa 80 kaphiri kofiira kanaima bwino, ndipo ndinalekera pomwepo. Sindinalembe paliponse kuti ndinayesa kanayi. Sefa yachitatu inali yochotsa mafunde oyenda pang'onopang'ono, omwe amabwera chifukwa cha thukuta ndi kusuntha kwa timawaya. Nambala yake, 1 Hz, kapena kuti kugwedezeka kamodzi pa sekondi, ndinangoikopera mu fayilo ya mnzanga wina osafunsa kuti iye anaiika chifukwa chiyani. Nditatha zonsezi, kwa munthu aliyense ndinatola nsonga yaitali kwambiri pakati pa mamilisekondi 300 ndi 600, n'kuitenga ngati kukula kwa P300 yake.

Mu labu yathu munali mayi wina wochokera kwathu konkuno, wamkulu kwa ine, amene anali atamaliza kale udokotala wake. Ndinkamutchula kuti achemwali, ndipo tikakhala awiri tinkacheza m'Chichewa. Lachisanu m'mawa, ndisanakaonetse kwa aphunzitsi anga, ndinawatengera iwo chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, tiyi akuzizira m'kapu.

"Chithunzi n'chokongola, achimwene," anatero. "Mwataya zingati?"

"Zoipa zokhazokha, achemwali."

"Sindinafunse kuti zinali zotani. Ndati zingati, ndipo za yani?"

Ndinalibe yankho. Chomvetsa chisoni n'chakuti yankholo linali m'kompyuta momwemo masiku onsewo. MNE imasunga kaundula wotchedwa drop_log, momwe imalemba chidutswa chilichonse chotayidwa ndi kawaya komwe kanachitayitsa, ndipo ndi lamulo limodzi lokha imajambula zonsezo kuti uone. Ndinali ndisanatsegulepo. Achemwali anakoka mpando, tinatsegula, n'kuyamba kulemba manambala pa pepala, munthu mmodzimmodzi. Ogona bwino ankatsala ndi zidutswa 45, 50, ena kupitirira, pa 60 zija. Titafika kwa ochezera usiku manambala anagwa. Wina 31, wina 22, wina 18. Ndiye panali mnyamata wina amene anatsala ndi 9.

Mnyamatayu ndinkamukumbukira bwino. Anali wamtali, wofatsa, ndipo anabwera maso ali psuu atagwira botolo la madzi. Ali m'kachipinda ndinkamuona pa galasi mutu ukulendewera, n'kudzidzimuka, n'kulendeweranso, ndipo kawiri ndinagogoda galasilo kuti adzuke. Tsopano tinatsegula mizere yake yosadula, momwe inajambulidwira. Zonse zinali pamenepo. Panali mafunde a alpha, aja ogwedezeka pafupifupi maulendo 10 pa sekondi omwe Berger mwini anawaona koyamba, amene amakula munthu akatseka maso. Panali kugudubuzika kwa maso pang'onopang'ono, chizindikiro cha munthu amene tulo tikumugwira. Panali kuphethira kolemera, kotsatizana, akamalimbana nato. Ndipo m'munsi mwake zidindo za kulira kwachilendo zinkadutsa chimodzi, chachiwiri, chachitatu, popanda chidindo cha batani.

Achemwali analoza ndi cholembera. "Inu mumafuna kuyeza ubongo wa munthu wa tulo. Nanga tuloto si timeneti? Mwatitaya tonse."

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Sefa yanga yoyamba inali itasankha mphindi zokhazo zomwe munthu wotopa anadzidzimuka n'kukhala tcheru, mwinanso tcheru kuposa masiku onse chifukwa chodziwa kuti waodzera. Mphindi zomwe tulo tinamugonjetsa, zomwe zinali mutu weniweni wa kafukufuku wanga, zinapita kudzala. Kwa ogona bwino sefa yomweyo sinachotse kanthu kwenikweni popeza ankadina pafupifupi ulendo uliwonse. Lamulo linali limodzi kwa onse, n'chifukwa chake ndinkaliona ngati lachilungamo, koma linkadula gulu limodzi lokha.

Vuto lachiwiri ndi lomwe linanditengera nthawi kuti ndilimvetse, ndipo achemwali sanataye mawu ambiri, anangondionetsa. Anasankha mtsikana wina wa gulu logona bwino amene anatsala ndi zidutswa 49. Avereji yake inali yosalala, kaphiri kamodzi kozungulira bwino. Kenako analamula kompyuta kuti itole mwachisawawa zidutswa 9 zokha mwa 49 zija n'kupeza avereji. Mzere unatuluka wa mano ngati sowo, ndipo nsonga yake yaitali inaposa ya poyamba. Anatolanso zina 9. Nsonga inasamukira pena, koma inali pamwambabe. Anabwereza kambirimbiri, ndipo maulendo ochuluka zinkatuluka chimodzimodzi. Munthu yemweyo, tsiku lomwelo, ubongo womwewo, koma P300 yake yakula chifukwa choti tamulanda zidutswa. Chifukwa chake n'chakuti phokoso limakankhira mzere m'mwamba ndi pansi mofanana, koma wotola nsonga yaitali amangotola zam'mwambazo. Phokoso likachuluka, nsonga imakwera. Kwa anthu anga otopa phokosolo linali alpha, ndipo m'kati mwa mamilisekondi 300 omwe ndinkasakamo mumalowa mafunde ake atatu, atatu onsewo okonzeka kutoledwa ngati P300. Steven Luck, m'buku lake lophunzitsa njirayi lomwe linatuluka mu 2005 n'kukonzedwanso mu 2014, amalangiza kuti m'malo mwa nsonga munthu aziyeza avereji ya dera lonselo, chifukwa iyo simakwera zidutswa zikachepa, imangokhala yosadalirika kwenikweni. Bukulo linali pa shelefu ya mu labu yathu.

Ndipo malire aja a 80, omwe ndinawasankha chifukwa chithunzi chinakongola, anakongoletsa chithunzicho mwa njira yomweyi. Ndikamatsitsa malire, otopa ankataya zidutswa zochuluka kuposa anzawo, manambala awo n'kumakwera. Ndinkaganiza kuti ndikuyeretsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zimenezi ndinaziikamo ndekha, pang'onopang'ono, popanda tsiku limodzi lomwe ndinganene kuti apa ndinanama. Ichi ndicho chimandiopsa mpaka lero. Sindinapeke nambala ngakhale imodzi. Chosankha chilichonse pachokha ndikanatha kuchiikira kumbuyo pamaso pa aliyense.

Za sefa yachitatu tinazifika masana. Kutsogolo kwa kaphiri kanga kunali kachigwa kakuya, komwe ndinali nditakalembera kale ndime yakeyake. Achemwali anafunsa kuti 1 Hz ndinaitenga kuti, ndipo nditawauza anapukusa mutu. Mnzanga uja ankaigwiritsa ntchito pokonzekera njira ina yotchedwa ICA, yolekanitsa magetsi a maso ndi a ubongo, ndipo kumeneko 1 Hz imathandizadi. Koma P300 payokha ndi funde loyenda pang'onopang'ono, choncho sefa yotere imalidya. Choipirapo n'chakuti sefa zambiri za m'mapulogalamuwa zimakonzedwa kuti zisasunthe nthawi ya funde, ndipo pochita zimenezo zimamwaza zotsatira zake kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Phiri likasefedwa motero, m'mbali mwake mumakumbika zigwa, china phirilo lisanafike n'komwe. Mu 2015 Darren Tanner, Kara Morgan-Short ndi Steven Luck anaonetsa zimenezi mu magazini ya Psychophysiology. Pa kafukufuku wa chilankhulo, sefa zoyambira 0.3 Hz kupita m'mwamba zinachepetsa funde lotchedwa P600 n'kubala kutsogolo kwake china chooneka ngati funde lotchedwa N400, chomwe m'mizere yosasefa munalibe. Titatsitsa sefa yanga kufika 0.1 Hz, kachigwa kanga kanaphwa n'kutsala kakang'ono. Ndime ija ndinaifufuta.

Mayi anga akamapeta mpunga sankangoyang'ana m'lichero. Pakapita kanthawi ankawerama n'kupalasa ndi dzanja pomwe mankhusu akugwera, kuona ngati maso a mpunga sakupita nawo limodzi, ndipo akawapeza ankachepetsa mphamvu ya dzanja. Pa kompyuta palibe pansi poti uwerame. Zotayidwa sizigwera pamapazi ako, zimangosowa, ndipo chotsala chimaoneka choyera kuposa kale. Munthu ayenera kuchita kufuna kuti akazione.

Si ine ndekha amene ndinagweramo. Mu 2017 Luck ndi Nicholas Gaspelin analemba nkhani yonse yosonyeza mmene zilili zophweka kupeza kusiyana kooneka ngati kwenikweni pa kafukufuku wa mtundu uwu, ngakhale pamene palibe kusiyana kulikonse, ngati munthu asankha nthawi yoyezera ndi timawaya toyezera atayang'ana kale zotsatira. Zosankha ndi zambiri: sefa, malire, zidindo zotenga ndi zosiya, chiwerengero cha zidutswa chomwe munthu ayenera kutsala nacho kuti asachotsedwe. Ukamazitembenuza maso ali pa chithunzi, dzanja limatsata mtima.

Kantchito kanga kanali ka ophunzira osowa tulo, ndipo kakanalakwika palibe amene akanavulala. Koma zida zomwezi zimagwira ntchito pa nkhani zolemera kwathu kuno. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala ofufuza za malungo a mu ubongo akhala akugwiritsa ntchito EEG poona ana okomoka, chifukwa mwana amatha kukhala akugwidwa ndi khunyu mu ubongo pamene thupi lili zii. Mu 2010 Gretchen Birbeck ndi anzake anasindikiza mu Lancet Neurology zomwe anapeza atatsatira ana opulumuka matendawa ku Blantyre, kuti ena mwa iwo amatsala ndi khunyu, kulumala ndi mavuto a khalidwe. Ku Kilifi, ku Kenya, Michael Kihara ndi anzake anayeza mmene ubongo wa ana odwalapo malungo aakulu umayankhira zinthu zachilendo, pogwiritsa ntchito njira ya zidindo ndi zidutswa yomweyi. Ntchito zimenezi n'zimene zinandionetsa kulemera kwa funso la achemwali. Ganizirani wophunzira wonga ine atapatsidwa mizere ya ana otere. Mwana amene matenda anamupweteka kwambiri ndi yemwe sangakhazikike pampando, amakoka mawaya, amalira, samvetsa za batani. Zidutswa zake zidzatayidwa zochuluka. Ndiye pakabwera lamulo loti otsala ndi zosakwana chiwerengero chakuti achotsedwe, mwanayo amasowa yense, ndipo lipoti limatuluka lonena za ana okhawo amene anachira bwino. Mayi amene anamubereka kumsana mtunda wautali kubwera naye kuchipatala sadzadziwa kuti mwana wake sanawerengedwe.

Sindikunena kuti tisamataye. Chidutswa chomwe chili ndi kuphethira kwa ma microvolt 200 chikhoza kuononga avereji yonse, ndipo kuchisunga si chilungamo ayi. Ngakhale kutenga zoyankhidwa bwino zokhazokha kuli ndi malo ake, malinga ndi funso lomwe munthu akufunsa. Langa silinali lotero.

Tinayambiranso sabata yotsatira. Achemwali anandiuza kuti ndilembe malamulo onse pa pepala ndisanatsegule fayilo iliyonse: sefa ya 0.1 Hz, yoikidwa pa mizere yonse isanadulidwe kuti m'mphepete mwa zidutswa musapotoke. Kuchotsa kuphethira ndi ICA m'malo motaya chidutswa chonse. Malire amodzi osasinthanso. Kulira kwachilendo konse kulowe, kodinidwa ndi kosadinidwa, kenako ndione magulu awiriwo padera. Avereji ya dera m'malo mwa nsonga. Pepalalo analisainira tsiku n'kuliika mu diroo yawo. Kenako anasintha maina a mafayilo onse n'kuika manambala omwe iwo okha ankadziwa tanthauzo lake, moti poyeretsa sindinkadziwa kuti uyu anagona kapena anachezera. Zinanditengera masabata atatu.

Tsiku lomasula manambala, mizere iwiri ija inatulukanso. Wofiira unali m'munsi pang'ono mwa wabuluu, ndipo kaphiri kake kanachedwerapo, monga momwe ena anapezera kale. Anthu anga anali ochepa moti sindikanatha kulimba mtima ngakhale pa zimenezo. Ndinakaonetsa aphunzitsi anga zithunzi zonse ziwiri, chakale ndi chatsopano, pamodzi ndi tebulo la manambala losonyeza zidutswa zomwe munthu aliyense anayamba nazo, zomwe zinatayidwa pa sefa iliyonse, ndi zomwe zinatsala. Anawerenga tebulolo nthawi yaitali kuposa zithunzi. Anati tebulo limenelo likhale patsogolo pa chithunzi m'lipoti, ndiponso kuti tijambulenso anthu ena, ulendo uno ndi kulira 600 kuti zotsala zikwane.

Woyamba kumuimbira anali mnyamata wa zidutswa 9 uja. Ndinamufotokozera zomwe zinachitika, kuti vuto silinali lake. Anaseka pang'ono, n'kufunsa ngati achezerenso usiku wonse. Ndinati inde. Anabwera Lachiwiri m'mawa ndi botolo lake lamadzi lija, ndinamuveka chisoti, kumupaka phala m'tsitsi, n'kutseka chitseko. Patapita mphindi zochepa mutu wake unayamba kulendewera, mafunde a alpha n'kudzaza pa kompyuta, zidindo zikudutsa popanda batani. Dzanja langa linali litanyamuka kale kupita pa galasi. Ndinalibweza, n'kulemba nthawi m'kabuku.